Bwato la Atate

Mutu 6

1. M'shedi ya a Pitala

M'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1983, dzuwa likuotcha mchenga wa ku Senga Bay mpaka agalu kusowa poponda, Tausi adatha masabata atatu akubwereza nyimbo zisanu zokhazokha m'shedi ya malata kuseri kwa nyumba ya a Pitala.

Kale m'shedimo ankasungiramo usipa wouma, ndipo ngakhale adakolopamo kangati, fungo silidachoke. M'menemo ndi mmene Bandi ya Mwera inkaphunzirira. Robert ankaimba gitala, Omari ng'oma, Stanley besi, ndipo a Pitala eni ake ankakoka akodiyoni imene adabwera nayo kuchokera ku Bulawayo, komwe adaimba m'maholo zaka khumi ndi zinayi.

Tausi ndiye adali wamng'ono pa onse, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mayi ake, omwe ankawamba nsomba zogulitsa, adamulola kuimba chifukwa a Pitala adali bwenzi la malemu bambo ake, komanso chifukwa bandiyo inkaimba masana okha n'kuweruka swala ya madzulo, pemphero la Asilamu, isanakwane. Lamulungu la sabata imeneyo ndiye lidali tsiku lake loyamba kutsogolera nyimbo pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja.

A Pitala sankaphunzitsa anthu oyamba kumene. Ankati amene sadziwa kuimba apite kukwaya, kwa iwo kubwere amene akuganiza kuti amadziwa kale. Tausi adabwera akuganiza choncho, ndipo sabata yoyamba adabwerera kwawo akulira kawiri.

Ankamusenzetsa ndowa ya madzi n'kumuuza kuti aimbe, kuti mpweya uzichokera m'mimba, mapewa osagwedezeka. Poti maikolofoni idali kuhotela kokha, adamangirira chitsononkho kumtengo, n'kumuyezera zala zinayi kuchokera pamlomo. Nthawi zina, nyimbo ili pakati, ankatuma Stanley kuti aziseka mokweza, kugwetsa zitini ndi kuitanitsa mowa ngati chidakwa. Tausi akangocheuka, nyimbo inkayambiranso.

"Ukalakwitsa pa siteji usamalume mlomo, usamayang'ane Robert," ankatero. "Anthu sadziwa kuti walakwitsa mpaka nkhope yako iwauze. Ndipo khutu lako lizigwira nyimbo ulendo umodzi. Woimba wodikira kuti amubwerezere ndi katundu kwa anzake."

Lachinayi masana a Pitala adatulutsa wailesi ya kaseti, atagulira mabatire atsopano. Adati afuna aliyense adzimvere yekha zolakwa zake. M'sutikesi yachitsulo adasolola kaseti yakale yopanda dzina, n'kunena kuti makaseti onse a m'menemo adawafufuta kalekale.

2. Mawu a pansi

Adajambula nyimbo zitatu, kenaka onse adakhala pamatumba kuti amvere. A Pitala ankaimitsa pafupipafupi. Apa Omari adathamanga, apo Tausi adameza mawu omaliza. Nyimbo yachitatu itatha, padamveka kuti khethe, pamene adazimitsira pojambula. Palibe adadzuka msanga kukatseka wailesi. Kaseti idapitirira kuzungulira, ikungoti waaa.

Kenaka mudatuluka kulira kwa gitala, ndi mawu a mwamuna, ofewa, okwera mosavutikira.

*Bwato la atate lalowa madzi,*
*tikape, anzanga, tikape.*
*Atate akuti bwato n'labwino,*
*koma ife mapazi anyowa.*

Ndodo ya ng'oma idapulumuka m'manja mwa Omari. Stanley adathamangira pakhomo, n'kusuzumira uku ndi uku. A Pitala adatambasula dzanja kuti atseke, koma chala chidaphonya batani kawiri. Asanalipeze, woimba uja adalekeza yekha, n'kuseka, n'kunena momveka bwino ngati ali m'shedi momwemo, "Tiyambirenso, aphunzitsi, mpweya wandithera."

A Pitala adacheuka kuyang'ana pamene padaima mtengo wa chitsononkho. Padalibe munthu. Apo m'pamene adazimitsa.

Tausi adawadziwa mawuwo. Aliyense wa ku Senga Bay akadawadziwa. Adali a Lawson, amene ankatsogolera nyimbo m'bandiyo iye asanalowe. Zaka zinayi zapitazo, Lamulungu lina, Lawson adaimba nyimbo ya bwatoyo pa hotela yomweyo, anthu n'kuvina. Lolemba m'mawa kudafika galimoto yopanda nambala, amuna atatu n'kumutenga ali ndi mswachi m'kamwa. Mkazi wake, Fanny, adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Sikudamveke mlandu, sikudabwere kalata, sikudachitike maliro. Anthu adangosiya kutchula dzina lake. Akafuna kunena za iye ankangoti "uja," maso ali pansi. Fanny adabwerera kwa makolo ake ku Maganga, ndipo anzake a kale ankalambalala nyumba yake.

3. Chenjezo

A Pitala adatseka chitseko cha shedi ngakhale kudali kotentha. Adatulutsa kaseti ija n'kuigwira ndi nsonga za zala. Atayamba kulankhula, mawu awo adali otsika moti onse adachita kusendera pafupi.

"Tamverani, ana anga. Ndakuphunzitsani kupuma, ndakuphunzitsani kumverana, ndakuphunzitsani kuima pamaso pa anthu miyendo osanjenjemera. Mnzanu uja ndidamuphunzitsa zonsezi, ndipo adakuposani nonsenu. Koma pali chimodzi chimene sindidamuphunzitse, ndipo chimandiwawa mpaka lero. Sindidamuuze kuti nyimbo ikatuluka pakamwa si yakonso. Imakhala ya amene waimva, ndipo iye amaikamo zimene wafuna.

"Mnzanuyo ankaimba za bwato lenileni. Ndidaliona ndi maso angawa, bwato la apongozi ake, lobooka kumbuyo, lomatamata ndi phula ndi nsanza. Mkuluyo ankakana kuti n'lotha, ndiye mkamwini adapeka nyimbo yomuseka. Basi. Koma patebulo lina padakhala munthu amene adamva mawu oti 'atate' n'kuganiza za atate ena, adamva 'bwato' n'kuganiza za dziko. Sadafunse. Anthu amenewo safunsa woimba kuti umatanthauzanji.

"Tsiku limenelo ine ndidaima pambali pake, ndikukoka akodiyoni yomweyi. Adatenga iye, ine n'kundisiya. Chifukwa chake sindichidziwa. Galimoto iliyonse ikaima pamsewupo ndimavala nsapato.

"Inu mukadali ana, muli ndi amayi anu, ena muli ndi akazi. Zimene mwamva lerozi simudamve. Musakaziimbe posamba, musakaziimbire mluzu panjira, musakauze ngakhale amene mumagona naye mphasa imodzi. Sindikuti nyimboyi ndi yoipa. Ndikuti yadya kale munthu mmodzi, ndipo sindifuna idyenso wina."

Atatero adapereka kasetiyo kwa Tausi. Adati pakhomo pawo utsi wa pulasitiki ungadabwitse oyandikana nawo, koma pa uvuni wa mayi ake, pamene moto suzima ndiponso utsi wa nsomba umaphimba fungo lililonse, palibe angazindikire.

"Ukaiponye pakati pa moto, uione ikusungunuka," adatero. "Usaionetse mayi ako. Ndipo mwana wanga, usayerekeze kupita nayo kwa mkazi wake. Udzamupatsa chisoni chatsopano ndi tsoka latsopano."

Tausi adavomera, n'kuikulunga m'mphepete mwa chitenje.

4. Ku Maganga

Lachisanu m'mawa mayi ake adamusiya akutembenuza milamba pa uvuni, iwo n'kupita kugombe kukadikira asodzi. Tausi adamasula kaseti ija n'kuiyandikiza kumoto. Ngodya imodzi itayamba kufunda, adabweza dzanja.

Kuyambira dzulo lake kuseka kwa Lawson sikudamuchoke m'makutu. Potunga madzi ankakumva, posesa ankakumva. Ndipo adakumbukira kuti ku Maganga kuli mwana amene sadamvepo mawu a bambo ake chibadwire. A Pitala akadapanda kutchula Fanny, mwina sakadaganiza zimenezi. Koma adatchula.

Masana, amuna atapita kumzikiti ku swala ya Ijuma, njira zili zii, Tausi adauza mayi ake kuti akupita kukaphunzira nyimbo. Sadakhotere kwa a Pitala. Adadutsa m'minda ya chinangwa, nayenda mpaka thukuta kunyowetsa bulauzi.

Adampeza Fanny kuseri kwa nyumba akupeta mpunga, pambali pake mphika wa chinangwa uli pamoto. Adali atawonda, tsitsi litayamba imvi ngakhale adali asanafike zaka makumi atatu. Pakhonde, pamphasa, padagona kamtsikana kofunda chitenje, maso ali otseka. Fanny adati dzina lake ndi Molly, ndipo adali atangochira malungo.

Tausi atafotokoza chimene wadzera, Fanny sadamupatse mpando. Adayamba wafunsa kuti wamuona ndani panjira, watumidwa ndi yani, ndipo akudziwa ndani kuti ali kumeneko. Atamva mayankho m'pamene adalandira kaseti ija. Adaitembenuza uku ndi uku, adaipenyetsetsa padzuwa, kenaka adaigunditsa pakhutu ngati ingalankhule yokha.

"Ndiimvera pa chiyani?" adafunsa. "Wailesi yathu adanyamula tsiku lomwelo."

 Zimenezi Tausi sadaziganize.

Fanny adakhala pansi. Adati chimene chimamupweteka si umphawi kapena kusalidwa, koma kuti nkhope ya mwamuna wake akuikumbukira, pamene mawu ake adamuthawa. Amayesa kuwaitana m'mutu, osabwera. Ndiye adamuyang'ana Tausi n'kumufunsa ngati nyimboyo adaigwira.

"Ndidangoimva kamodzi, achemwali."

"A Pitala ndimawadziwa. Wophunzira wawo kamodzi kamamukwanira. Ndiimbire. Motsitsa."

Chenjezo lonse la dzulo lidamubwerera Tausi. Adayang'ana kunjira, kudalibe munthu. Adayang'ana pakhonde, mwana adali chigonere. Adagwada pafupi ndi Fanny, n'kuimba chapansipansi, akutsata mmene Lawson adakwezera ndi mmene adatsitsira, mpaka pamene mpweya udamuthera.

Fanny adatseka maso. Adati pamenepo ndi pamene mwamuna wake ankalekezera nthawi zonse, chifukwa ankayamba kuseka akakumbukira apongozi ake akukapa madzi ndi chipewa. Adapempha kuti abwerezenso. Tausi adabwereza. Adapemphanso kachitatu, ndipo ulendo uno milomo ya Fanny inkayenda nawo, misozi ikugwera mu mpunga.

Nyimbo itatha, Fanny adapukuta m'maso ndi chitenje. Adaigwira kaseti ija pachifuwa kanthawi, kenaka adasuntha mphika n'kuiponya yekha pamakala. Idapindika, idachita thovu, idanunkha, mpaka kudatsala kachibulumwa kakuda.

"Wachita bwino kubwera," adatero. "Koma usadzabwerenso. Ndatsala ndi mwana yekhayu."

Loweruka, pa kuyeserera komaliza, a Pitala adamukokera Tausi pambali n'kumufunsa za kaseti. Iye adayankha kuti yapsa. Adamufunsanso ngati adaiona ndi maso ake ikupsa, ndipo iye adati inde. Zonsezi zidali zoona, koma Tausi adayankha akuyang'ana zala za kumapazi.

5. Lamulungu

Pofika thuu koloko, kapinga wa pa hotela adali atadzaza. Padali mabwana ochokera ku Lilongwe ndi akazi awo, azungu ofiira ndi dzuwa, ndi akuluakulu ena a chipani ovala mabaji pachifuwa. Siteji idali ya matabwa, pansi pa mtengo wa mtondo. Kunja kwa mpanda wa waya kudaunjikana ana a m'midzi yozungulira, monga ankachitira Lamulungu lililonse, ena atabereka azing'ono awo, zala zili m'mawaya.

Tausi adavala diresi lalitali lobiriwira limene mayi ake adamusokera. Maikolofoni yeniyeni idali yozizira ndi yolemera kuposa chitsononkho. Adayeza zala zinayi, adapumira m'mimba, ndipo Omari atawerenga ndi ndodo, adalowa pa nthawi yake.

Adayamba ndi nyimbo ziwiri zotamanda boma, monga bandi iliyonse inkachitira masiku amenewo. Kenaka adalowa zovina. Woperekera zakumwa wina adagwetsa thireyi ya mabotolo kutsogolo kwa siteji, koma Tausi sadacheuke. Pa nyimbo yachinayi nsambo ya gitala ya Robert idaduka pakatikati. Tausi sadalume mlomo. Adanyamula nyimboyo ndi mawu okha pamwamba pa ng'oma ndi besi, nauza anthu kuti aombe m'manja, mpaka adaifikitsa kumapeto ngati adapangana choncho. Anthu adaimirira. Amayi ena adalulutira. Tausi atayang'ana kumbali adaona a Pitala akugwedeza mutu, chinthu chimene sadamuchitirepo chiyambire.

Robert adagwada kuti amange nsambo ina. Anthu adakhala pansi, phokoso lidatsika, mphepo ya kunyanja nayo idaleka.

Mu bata limenelo, kuchokera kumpanda, kudamveka kamawu kakang'ono, koyera, kosaphonya ngakhale pamodzi.

*Bwato la atate lalowa madzi,*
*tikape, anzanga, tikape.*

Tausi adacheukira kumpanda. Kumpandako, pamsana pa mtsikana wina wamkulupo, padali Molly, mutu uli chogonekera, akuimba mosangalala poti nayenso adali ndi nyimbo yake.

Alendo ambiri sadadziwe kanthu, ena adamwetulira. Koma operekera zakumwa, omwe adali a komweko, adaima chilili ndi mathireyi m'manja. Akodiyoni ya a Pitala idatulutsa mpweya yokha.

Tausi sadadikire Omari kuti awerenge. Adagunditsa mlomo pa maikolofoni, zala zinayi zija ataziiwala, n'kuyamba nyimbo yachisanu ndi mphamvu zake zonse. Stanley adamutsatira, kenaka Omari, kenaka a Pitala. Sipika idaphimba kamawu kaja. Anthu adadzukanso kuvina.

Koma ali mkati moimba adaona bambo wina wa suti yotuwa, amene adakhala yekha patebulo la pafupi ndi mpanda, akuika kapu yake pansi bwinobwino. Adadzuka, adapita kuwaya, adawerama n'kulankhula ndi mtsikana wobereka Molly uja. Ana ena onse adabalalika. Bamboyo adalemba kanthu m'kabuku, nabwerera pampando wake, ndipo nyimbo itatha adaomba m'manja pamodzi ndi anzake.

6. Bambo wa suti yotuwa

Adawapeza akulongedza zida. Adali munthu waulemu, wolankhula pang'onopang'ono. Adapatsa a Pitala moni wa manja awiri, adayamikira Tausi kuti mawu otere sadawamvepo chichokereni woimba wakale uja, ndipo adati a Pitala ndi mphunzitsi weniweni.

"Chandidabwitsa n'chimodzi chokha," adatero. "Kamwana kaja ndafunsa, akuti n'ka Lawson."

Dzinalo lidamveka lachilendo pabwalopo. Robert adasiya kukulunga waya.

"Kadabadwa bambo ake atachoka kale. Kunyumba kwawo kulibe wailesi, zimenezo ndikuzidziwa bwino. Komatu kaimba ngati kaphunzitsidwa ndi katswiri, mpaka popumira. Ndiye ndimati, kodi kadaimva kuti?"

 Bamboyo sadaoneke kuti akudikira yankho. Adauza a Pitala kuti mawa lake, eyiti koloko m'mawa, akafike ku ofesi yake ku Salima, ndipo asaiwale kutenga Tausi, mwana wawo woimba bwinoyo. Adatsanzika mwaulemu n'kumapita.

Pobwerera, Omari, Stanley ndi Robert adatsogola ndi katundu. A Pitala adatsalira m'mbuyo ndi Tausi. Iye adayembekeza kukalipiridwa, ndipo akadakonda atakalipiridwa. Atafika pamene padalibe nyumba, adaulula zonse, za ulendo wa ku Maganga, za katatu kaja, za mwana amene ankaoneka ngati wagona.

A Pitala adamvetsera mpaka kumapeto. Sadakweze mawu.

"Ndidakuuza kuti usapite, ndipo udapita," adatero. "Zimenezo udzazisenza wekha, ine sindingakulandire. Koma kaseti idali yanga, ndipo ndine ndidalephera kuifufuta. Tsono tamvera. Mawa ukakhale chete. Akakufunsa, ukanene kuti sudziwa kanthu. Ndikanena kuti ndine ndidapita ku Maganga, ndine ndidaimbira mwanayo. Ine ndakalamba, ndaimba zokwana. Iwe wayamba lero."

Tausi adati sangalole kuti munthu wina akalowe m'mavuto chifukwa cha kusamva kwake. A Pitala adamuyankha kuti kusamvako kwakwana, tsopano amvere. Ali mkati mokangana chapansipansi, kumbuyo kwawo kudamveka kulira kwa injini, ndipo onse awiri adapatukira m'tchire.

Idali galimoto ya bambo wa suti uja. Adawakwezera dzanja podutsa, fumbi n'kuwakuta. Adaiyang'ana ikutsetsereka mpaka pamphambano, pamene msewu waukulu umalowera ku Salima.

Galimotoyo sidalowere ku Salima. Idachepetsa liwiro, n'kukhotera njira ya ku Maganga.